Thupi limakumbukira bwanji chikuku koma n'kumaiwala malungo?

Funso: Mwana wanga wachiwiri wangomaliza kumene katemera wa chikuku, ndipo alangizi a zaumoyo kusikelo anandiuza kuti tsopano ndi wotetezedwa, mwina moyo wake wonse. Koma ine kusukulu ndinaphunzira kuti maselo a m'magazi amafa n'kumapangidwa ena. Ndiye chimene chimasunga chitetezocho zaka zonsezo n'chiyani? Nanga bwanji ineyo amandibaya wa kafumbata mimba iliyonse, ndipo mwana wanga woyamba wadwala malungo kangapo konse thupi lake osazolowera? Kodi ndizimugulira mankhwala aja amati owonjezera chitetezo? *Mayi wa ana awiri, Dedza*

Yankho: Mayi, zimene munaphunzira kusukulu n'zoona, ndipo alangizi aja sananame. Maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku pafupifupi 120. Asilikali a m'thupi amene ali ochuluka kwambiri m'magazi, otchedwa neutrophil, sakhalitsa n'komwe, tsiku limodzi kapena masiku owerengeka basi, ndipo mafinya amene mumaona pabala ambiri mwa iwo ndi mitembo yawo. Amenewa sakumbukira kanthu. Akakumana ndi kachilombo lero, mawa anzawo amakumana nako ngati chinthu chachilendo. Koma pali mitundu ina iwiri ya asilikali, maselo a B ndi maselo a T, imene nkhani yake ndi ina. Chitetezo chokhalitsa si mankhwala amene katemera amasiya m'magazi ayi. Katemera weniweniyo amatha m'thupi pakangopita masiku kapena masabata. Chimene chimatsala ndi maselo amoyo, ochepa ndithu, amene ayenera kudya, kupeza pokhala ndi kupulumuka imfa kwa zaka makumimakumi. Mafunso anu onse akubwera pamenepa: kodi maselowo anapangika bwino, kodi akadali ndi moyo, ndipo kodi kachilombo kakabweranso adzakazindikira?

Umboni woti thupi limasungadi chikumbukiro kwa nthawi yaitali unaoneka kalekale, anthu asanadziwe n'komwe kuti kuli mavairasi. Mu 1846 chikuku chinafika pa zilumba za Faroe, zimene zili patali m'nyanja pakati pa Norway ndi Iceland. Kumeneko chikuku chinali chitaonekako komaliza mu 1781. Boma la Denmark linatumizako dokotala wachinyamata, Peter Panum, ndipo iye anayenda mudzi ndi mudzi kulemba zimene anaona. Mwa anthu 7,782 a pa zilumbazo, pafupifupi 6,000 anadwala. Koma anapeza nkhalamba 98 zimene zinadwalapo chikuku mu 1781, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene inadwalanso, ngakhale zinkagona nyumba imodzi ndi odwala. Taganizirani: zaka 65 zinadutsa popanda kachilomboka pa zilumbazo, kutanthauza kuti panalibe chowakumbutsa. Thupi linadzisungira lokha.

Tsono zimayamba chonchi. Selo la B kapena la T lililonse limatha kuzindikira chinthu chimodzi chokha, kachidutswa kamodzi ka kachilombo kamodzi. Thupi limapanga maselowa mwachisawawa, mitundu mamiliyoni ambirimbiri, lisanadziwe kuti lidzakumana ndi matenda anji. A B amakhwimira m'mafuta a m'mafupa, a T amakhwimira m'kachiwalo kotchedwa thymus, kuseri kwa fupa la pachifuwa. Ndiye chikuku chikalowa koyamba, maselo amene angachizindikire amakhala ochepetsetsa, mwina limodzi pa 100,000 alionse kapena kucheperapo. N'chifukwa chake matenda oyamba amatigwetsa. Pamafunika nthawi kuti maselo ena onyamula uthenga atole zidutswa za kachilomboko n'kupita nazo ku tizigawo ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, kumene maselo a B ndi a T amasonkhana, kuti selo loyenera lija lipezeke. Likapezeka limayamba kugawikana, kamodzi pa maola 6 mpaka 8 alionse, moti pakutha pa sabata imodzi selo limodzi limakhala litabala masauzande ambiri. Mwanabere uja amatupa mwana akakhala ndi chilonda kumwendo, ndiye kuchulukana kumeneku. (Mwanabere wosapweteka amene sakuphwa pakatha masabata angapo ndi nkhani ina, ameneyo pitani naye kuchipatala.)

Chimene chimachitika nkhondo ikatha ndicho ambiri sachidziwa. Mwa maselo a T onse amene anachulukana aja, 90 mpaka 95 pa 100 alionse amafa m'masabata ochepa. Si kachilombo kamene kamawapha, amadzipha okha mwadongosolo, ndipo n'kofunika kuti atero. Akanati azitsala onse, chimfine chilichonse chikanatisiyira khamu la maselo olusa, odya kwambiri, othanso kuwononga minofu yathu yomwe. Otsala ochepa aja ndiwo maselo okumbukira. Zili ngati mmene mumachitira mukakolola: chimanga chochuluka chimapita kunkhokwe n'kudyedwa, koma ngala zingapo zabwino mumazipatula n'kuzipachika pautsi kuti zikhale mbewu. N'zochepa, sizidyedwa, koma munda wonse wa chaka chamawa uli m'menemo.

Nanga ndi ati amene amapatulidwa? M'selo lililonse muli mapuloteni okankhira ku imfa ndi ena oletsa imfa. Woletsa wodziwika kwambiri ndi Bcl-2. Kuti selo likhale ndi Bcl-2 wokwanira, liyenera kumalandira uthenga wina wa m'thupi wotchedwa IL-7, umene umapangidwa ndi maselo a m'mafupa ndi a m'tizigawo ta mwanabere tija. Nkhondo ili mkati, maselo ambiri amataya kachida kolandirira uthengawu, chifukwa mphamvu zawo zonse zapita pa kupha. Ochepa amakasunga, ndipo mu 2003 Susan Kaech ndi anzake anasonyeza pa mbewa za mu labotale kuti ochepa amenewo ndiwo amadzakhala okumbukira. Kadyedwe kawo kamasinthanso. Selo limene lili pankhondo limameza shuga mwaphuma. Selo lokumbukira limachepetsa zonse, limadalira kwambiri mafuta, limawotcha chakudya pang'onopang'ono, ndipo limaphwanya ziwalo zake zakutha n'kuzigwiritsanso ntchito. Uthenga winanso, IL-15, umalichititsa kuti lizigawikana mwa apo ndi apo, kungoti chiwerengero chisatsike.

Mwa apo ndi apo ndikutanthauza pang'onopang'ono zedi. Ofufuza a ku America anamwetsa anthu olandira katemera wa yellow fever madzi okhala ndi chizindikiro chapadera chimene chimalowa mu DNA (chosungira malangizo onse a selo) ya selo lililonse logawikana. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2017, zinasonyeza kuti maselo a T okumbukira anachokera ku aja anachulukana m'masabata awiri oyambirira, ndipo pambuyo pake ankagawikana osakwana kamodzi pachaka. Kunja amaoneka ngati ogona. Koma mkati, mbali za DNA zimene zimasunga malangizo opangira zida zimakhala zotsegula kale, pomwe m'selo limene silinamenyepo nkhondo zimakhala zomangidwa. N'chifukwa chake kachilombo kakabweranso yankho limabwera m'maola kapena masiku atatu, anayi, osati masabata awiri. Ndipo mphamvu ya maselowa yodzutsidwa mobwerezabwereza ndi yodabwitsa. Gulu la David Masopust ku yunivesite ya Minnesota linatenga maselo a T okumbukira m'mbewa, n'kumawasamutsira ku mbewa ina yatsopano ndi kuwadzutsa ndi katemera, kwa zaka 10. Mbewa ya mu labotale imakhala zaka ziwiri kapena zitatu. Maselowo anapitirira kugwira ntchito, osatopa komanso osasanduka khansa, bola ngati ankapatsidwa nthawi yopuma pakati pa katemera wina ndi mnzake. Sungani mfundo yopumayi, tikumana nayonso pa malungo ndi HIV.

Si maselo onse okumbukira amene amayendayenda m'magazi. Ena amakhazikika pamalo pamene kachilombo kanalowera, pakhungu, m'matumbo, m'mphuno, m'mapapo, ndipo sachokapo. Khungu la munthu wamkulu lili ndi maselo a T pafupifupi 20 biliyoni, kuposa amene ali m'magazi.

Kumeneko ndi ku mbali ya T. Ya B ndiyo imayankha mwachindunji funso lanu la chikuku, ndipo kwa ine ndiyo yokoma kwambiri pa nkhani yonseyi.

Maselo a B ndiwo amapanga ma antibody, mapuloteni amene amayandama m'magazi n'kumamatira kachilombo kasanalowe m'selo. Ma antibody oyamba amene thupi limatulutsa m'sabata yoyamba sagwira molimba, ndipo maselo owapanga amafa m'masiku ochepa. Koma maselo a B ena satuluka. Amatsalira mkati mwa tizigawo ta mwanabere tija n'kuyamba mpikisano umene umatenga masabata, nthawi zina miyezi. Selo lililonse likamagawikana limasintha dala pang'ono malangizo a antibody wake. Kusintha kwambiri kumangowononga, ndipo maselo otero amafa. Koma apa ndi apo limapezeka limodzi limene antibody wake wayamba kugwira molimba kuposa a anzake. Limenelo limatola zidutswa zambiri za kachilombo, n'kukazionetsa kwa selo la T la mtundu wa CD4, ndipo CD4 ndiye amalipatsa chilolezo chokhala ndi moyo n'kugawikananso. Losowa chilolezo limafa. Izi zimabwerezedwa kambirimbiri, moti ma antibody a pa mwezi wachisanu ndi chimodzi amagwira molimba kwambiri kuposa a pa sabata yachiwiri. Ma CD4 amenewa ndi omwe aja amawerengedwa kwa anthu amene ali ndi HIV, ndipo mwaona kale apa chifukwa chake ali ofunika chotere: popanda iwo mpikisano wonsewu suchitika.

Opambana amatuluka m'magulu awiri. Ena amakhala maselo a B okumbukira, amene sapanga kanthu, amangodikira. Ena amasanduka maselo a plasma, amene ntchito yawo ndi imodzi yokha, kutulutsa ma antibody masauzande pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, kaya kachilombo kalipo kaya palibe. Antibody mmodzi amachepa ndi theka pa masabata atatu alionse, ndiye ngati munthu ali ndi ma antibody a chikuku zaka 50 chibayidwireni, ndiye kuti pali selo limene likuwapangabe lero lino. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaganiza kuti maselo a plasma onse amafa msanga. Mu 1997 ndi 1998 magulu awiri, lina ku Germany lina ku America, anasonyeza pa mbewa kuti ena amasamukira m'mafuta a m'mafupa n'kukhala kumeneko miyezi yambirimbiri, osagawikana. Pa anthu, ofufuza a ku Norway anayeza msinkhu wa maselo a plasma a m'matumbo mu 2017 n'kupeza ena azaka zoposa 20. Amapulumuka chifukwa amakakamira ku maselo ena a m'mafupa amene amawapatsa uthenga woletsa imfa, monga wina wotchedwa APRIL. Mukalichotsa selo la plasma pamalo pakepo n'kuliika m'mbale ya mu labotale popanda thandizo limenelo, limafa m'masiku ochepa. Mukamanyamula mwana wanuyo, dziwani kuti m'mafupa ake a m'chiuno ndi a msana mukukhazikika maselo amene mwina adzakhala akugwirabe ntchito iye ali ndi zidzukulu.

Koma si katemera aliyense amene amasiya maselo otere mofanana. Mu 2007 Mark Slifka ndi anzake ku Oregon anafalitsa zimene anapeza atayeza magazi a anthu 45, osungidwa kwa zaka mpaka 26. Ma antibody a chikuku ndi a matsagwidi ankatsika pang'ono kwambiri moti kuti achepe ndi theka pakanafunika zaka mazanamazana. A kafumbata ankachepa ndi theka pa zaka 11 zilizonse. Chifukwa chimodzi chachikulu chimene akatswiri amapereka ndi maonekedwe a chinthucho. Vairasi ili ndi puloteni imodzimodzi yondandalikana kambirimbiri pa chikopa chake, ndipo selo la B likagwira malo ambiri nthawi imodzi limadzuka mwamphamvu. N'chifukwa chakenso katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene amatsanzira chikopa cha vairasi, wapezeka kuti amateteza bwino ngakhale kamodzi kokha, ndipo bungwe la WHO linavomereza zimenezi mu 2022. Katemera wa kafumbata ndi poizoni wa kachilomboko wofooketsedwa, puloteni yoyenda yokhayokha. Amagwira ntchito bwino kwambiri, koma amafuna kubwereza.

Pa kafumbata pali chinanso. Poizoni wake ndi woopsa moti mlingo wokwanira kupha munthu ndi wochepa kwambiri kuti thupi liuphunzire. Munthu amene wachira kafumbata sakhala wotetezedwa, amafunikabe katemera. Ndipo poizoniyu akalowa m'mitsempha yopita ku ubongo, ma antibody samufikiranso. Palibe nthawi yodikira maselo okumbukira kuti adzuke, ma antibody ayenera kukhala ali kale m'magazi. Kwa amayi ndondomeko yake ndi jakisoni zisanu. Yoyamba payokha siteteza. Yachiwiri, patatha masabata anayi, imateteza zaka pafupifupi 3. Yachitatu, patatha miyezi 6, zaka 5. Yachinayi, patatha chaka, zaka 10. Yachisanu, patathanso chaka, imakwanira zaka zonse zobereka. Nthawi zambiri mayi amabayidwa mimba iliyonse chifukwa sanamalize zisanuzo, kapena khadi linatayika ndipo anamwino alibe umboni. Funsani kuti mwafika pa nambala yanji ndipo mumalize. Jakisoni imeneyi si yanu nokha: ma antibody anu amadutsa pa nsengwa, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, ndipo ndiwo amateteza khanda ku kafumbata wolowera pa mchombo.

Ma antibody a mayi omwewa ndiwo amachititsa kuti katemera wa chikuku adikire miyezi 9. Khanda silinalandire maselo opanga, linangolandira ma antibody, choncho amatha pang'onopang'ono. Akadali ambiri amagwira vairasi yofooketsedwa ya mu katemera thupi la mwana lisanaiphunzire. Pa miyezi 9, ana pafupifupi 85 pa 100 alionse amapanga chitetezo. Tikanadikira chaka akanakhala pafupifupi 95, koma kuno chikuku chimagwira ana aang'ono, kudikira n'koopsa. Wachiwiri wa pa miyezi 15 cholinga chake chachikulu ndi kutola amene woyamba sanawagwire, ndipo akalandira onse awiri otetezedwa amafika pafupifupi 97 pa 100. Ndiye alangizi aja atati "mwina moyo wake wonse" ananena molondola. Chikuku chimatipatsanso mwayi wina: chili ndi mtundu umodzi wokha umene ma antibody ayenera kuuzindikira, ndipo mbali imene amagwira singasinthe popanda vairasiyo kulephera kulowa m'maselo. Katemera wa m'ma 1960 akugwirabe chikuku cha lero. Chimatenganso masiku 10 kapena kuposerapo chisanaonekere, nthawi yokwanira kuti okumbukira adzuke. Chimfine ndi COVID-19 zimasintha chikopa pafupipafupi, zimachulukana m'mphuno m'masiku awiri kapena atatu, ndipo chitetezo cha m'mphuno sichikhalitsa. Pamenepo maselo okumbukira amachedwa kuletsa kudwala, koma amafika nthawi yabwino yoletsa matenda kukula.

Kufunika kwa CD4 pomanga chikumbukiro kunaoneka bwino pa kafukufuku wa konkuno ku Blantyre. Kachilombo ka typhoid kamavala chikopa cha shuga, ndipo maselo a T sazindikira shuga. Katemera wakale wopangidwa ndi shugayo yekha sankagwira ana osakwana zaka ziwiri ndipo ankatha mphamvu m'zaka zochepa. Watsopano analumikiza shugayo ku puloteni, kuti selo la B likameza zonse ziwiri likhale ndi choonetsa kwa CD4. Ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa nawo m'kafukufukuyu, ndipo jakisoni imodzi inatetezabe pa mlingo wa 78 pa 100 patatha zaka zoposa zinayi. Katemerayu analowa m'ndondomeko ya dziko lino mu 2023.

Tsopano malungo, amene ndikudziwa kuti ndiwo akukupwetekani mtima. Mwana wanu alibe vuto la chitetezo chifukwa choti wadwala kangapo. Kachilombo ka malungo si vairasi, ndi kanyama kathunthu kokhala ndi majini (malangizo opangira mapuloteni) oposa 5,000, pomwe chikuku chili ndi 6. Kamasintha maonekedwe pa gawo lililonse la moyo wake: kena pochoka kwa udzudzu, kena m'chiwindi, kena m'magazi. Kakalowa m'selo lofiira kamaika puloteni pa chikopa cha selolo yoti lizimatirira m'mitsempha ing'onoing'ono, kuopa kukasefedwa ku kapamba. Kachilombo kamodzi kali ndi mitundu pafupifupi 60 ya puloteni imeneyi, ndipo kamaonetsa umodzi pa nthawi. Thupi likangophunzira umenewo, kamasintha n'kuonetsa wina. Tizilombo ta m'mudzi umodzi tilinso ndi mitundu yosiyanasiyana. Choncho thupi limakumbukira ndithu, koma limene likubwera ndi tsamba lina la phunzirolo. Kuwonjezera apo, malungo amasokoneza mpikisano uja wa m'tizigawo ta mwanabere ndi m'kapamba. Maselo ambiri a B amathamangira kukhala opanga ma antibody osakhalitsa, ndipo kafukufuku wa ana a ku Mali anasonyeza ma antibody akukwera m'nyengo ya malungo n'kutsikanso kwambiri m'miyezi ya chilimwe. Kupuma kuja kumasowa.

Chitetezo cha malungo chimabwera, koma mochedwa, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Choyamba kubwera ndi chitetezo ku malungo aakulu, aja okomola ndi otha magazi. Kenako kudwala kumachepa. Koma kutenga kachilomboko sikutha, akuluakulu ambiri amayenda nako m'magazi osadziwa. Chimafookanso munthu akachoka kumalo a malungo. Abale athu amene akhala zaka ku Johannesburg kapena ku London akamabwera kudzacheza kumudzi asamadzione ngati akadali ozolowera, afunika neti ndi mankhwala oteteza. Mayi wa mimba yoyamba nayenso amakhala ngati wayambiranso, chifukwa kachilomboka kali ndi puloteni yapadera yomatirira pa nsengwa imene thupi lake silinaionepo. N'chifukwa chake kusikelo ya amayi oyembekezera amapereka Fansidar. Dziko la Malawi ndilo linali loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kusikelo, mu April 2019, kenako Ghana ndi Kenya. Amaperekedwa kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, ndipo wachinayi alipo chifukwa ma antibody ake amatsika msanga pomwe pamafunika ochuluka kuti agwire kachilombo m'kanthawi kochepa kasanabisale m'chiwindi. Sateteza kotheratu. Komabe m'madera amene anaperekedwa m'mayiko atatuwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100. Ana ambiri amenewo. Ngati m'boma lanu akuperekedwa, musadumphe wachinayi, ndipo neti isachoke.

Pali zinthu zimene zimapha maselo okumbukira, ndipo apa ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa ndimamvabe akuluakulu ena akunena kuti mwana ndi bwino adwale chikuku chituluke, akhwime. Vairasi ya chikuku imalowera pa puloteni imene imapezeka kwambiri pa maselo a B ndi a T okumbukira. Imawadya eni akewo. Mu 2019 Michael Mina ndi anzake anayeza magazi a ana 77 osabayitsa a ku Netherlands asanadwale chikuku ndiponso atachira, ndipo anapeza kuti anataya kuyambira 11 mpaka 73 pa 100 ya mitundu ya ma antibody imene anali nayo. Mwana amachira ali ndi chitetezo champhamvu cha chikuku, koma zambiri zimene thupi lake linaphunzira za chibayo ndi kutsegula m'mimba zafufutika, ayambirenso. Ana obayitsa sanataye zotere. Katemera wa chikuku amatchinjiriza zimene akatemera ena onse anamanga.

HIV imagunda pamtima penipeni, pa CD4, ndipo imayamba ndi okumbukira a m'matumbo m'masabata oyambirira, munthu asanadziwe kuti watenga. Matenda ena thupi siliwachotsa, limangowatsekera, monga chifuwa chachikulu m'mapapo ndi vairasi ya katsabola m'mitsempha. Alonda akachepa zimatuluka, ndipo mashingozi ndi vairasi ya katsabola yomwe ija ya paubwana. Maselo a T olimbana ndi HIV yeniyeniyo amatopa chifukwa mdani sachoka, sapeza mpata wosanduka okumbukira. Ma ARV akatsitsa vairasi, chiwerengero cha CD4 chimakwera, koma mitundu ina ya okumbukira imene inatheratu sibwerera yokha. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zoyambira mankhwala tsiku limene munthu wapezeka nako, osadikira kudwala.

Chachitatu ndi njala. Mwana wonyentchera thymus yake imafota, chikopa cha m'matumbo chimapyapyala, ndipo selo logawikana maola 6 alionse limafuna zomangira. Apa ndiye pali yankho la mankhwala owonjezera chitetezo. Musagule. Palibe botolo kapena tiyi amene angaphunzitse selo la B maonekedwe a kachilombo kamene silinakaone, ndipo chitetezo si chinthu chongofuna kuchuluka: chikalusa mopitirira ndicho chimabweretsa mphumu ndi matenda amene thupi limadziukira lokha. Zimandiwawa kuona mayi akutulutsa ndalama ya ndiwo za sabata yonse pa kabotolo kotere. Ndalamayo gulani mazira, usipa, nyemba, nsinjiro zothira m'phala, masamba obiriwira ndi zipatso za nyengo yake. Vitamini A amene amapereka kusikelo miyezi 6 iliyonse ali ndi umboni weniweni, ndipo ndi waulere. Wamng'onoyo pitirizani kumuyamwitsa mpaka zaka ziwiri, popeza mkaka wanu uli ndi ma antibody ochokera ku maselo a plasma amene anaphunzira tizilombo ta pakhomo panu pomwepo. Wamkuluyo akatentha thupi, kayezetseni tsiku lomwelo, ndipo akapezeka ndi malungo amalize LA masiku onse atatu.

Tsegulani mabuku a kuchipatala a ana onse awiri muone ngati pali mpata wosalembedwa. Ngati ulipo, musaope kuti mwachedwa kapena kuti ayambiranso pachiyambi. Maselo okumbukira amene jakisoni yoyamba inasiya amadikira miyezi ngakhale zaka, ndipo yotsatira imapitiriza pomwe inayo inalekezera. Chovuta ndi kubaya mothinana kwambiri, mpikisano uja usanathe, n'chifukwa chake anamwino amakubwezani mukabwera masabata anayi asanakwane. Tengani mabukuwo pamodzi ndi khadi lanu la kafumbata pa sikelo ikubwerayi, alangizi akuwerengereni zotsala.